Hutala m'Chifunga: Mbiri ya Kuwombana kwa Sitima pa Nyanja Zazikulu za ku America

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Superior, kumalire a United States ndi Canada, ukawafunsa za ngozi ya sitima amakutchulira Edmund Fitzgerald. Inamira ndi namondwe pa 10 Novembala 1975, makilomita 27 kuchokera pansonga ya mtunda yotchedwa Whitefish Point, ndipo amuna onse 29 anapita nayo. Anaipekera nyimbo, anailembera mabuku, belu lake analivuula n'kukaliika m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Koma chapafupi pomwepo, mkati mwa Whitefish Bay, muli sitima ina imene inaphanso anthu 29, ndipo odziwa dzina lake ndi owerengeka.

Superior City inamira madzulo a pa 20 Ogasiti 1920, kulibe namondwe. Inali ya kampani ya Pittsburgh Steamship, nthambi ya U.S. Steel, ndipo inkatsika ndi matani oposa 7,000 a miyala ya chitsulo. Ina, Willis L. King, inkakwera yopanda kanthu. Zinaonana zidakali patali, nthawi yomvana ilipo yambiri. Lamulo lake silinali lovuta. Sitima ziwiri zikamabwera maso ndi maso, imodzi inkaliza hutala kamodzi, kutanthauza kuti ikupatukira kumanja ndipo zidutsana mbali za kumanzere, kapena kawiri, kutanthauza kuti ikupatukira kumanzere. Inzakeyo inkayankha chimodzimodzi. Kuyankha kawiri mnzako ataliza kamodzi kunali koletsedwa. Ngati simunamvane, wina ankaliza timahutala tatifupi tingapo motsatizana, ndipo nonse awiri munkayenera kuchepetsa liwiro, kuima, ngakhale kubwerera m'mbuyo, mpaka mutagwirizana.

Kukhoti, Kaputeni Edward Sawyer wa Superior City anati iwo anagwirizana za hutala imodzi. Kaputeni Herman Nelson wa King anati ayi, zinali ziwiri. Woona ndani pa awiriwa, khoti silinavutike nazo kwenikweni, chifukwa pa mfundo ina onse anapezeka olakwa: aliyense anaona kuti mnzake sakuchita zimene iye akuyembekezera, koma palibe anaima. Mphuno ya King inalowa m'nthiti mwa Superior City. Amalinyero anathamangira kumbuyo kumene kunali mabwato opulumukira, pamwamba penipeni pa maboyila. Madzi ozizira atakhudza zitsulo zamotozo, kumbuyo konse kunaphulika, ndipo m'mphindi ziwiri sitima inali itapita pansi. Anapulumuka anthu anayi okha. Mwa omwalirawo munali mayi wina, mkazi wa injiniya, amene anangokwera kuperekeza mwamuna wake.

Ndikuganiza kuti ngozi zoterezi siziimbidwa nyimbo chifukwa zimachititsa manyazi. Namondwe palibe angamutengere kukhoti. Koma sitima ziwiri zikawombana, pamakhala munthu amene anali ndi mpata woima n'kusankha kupitirira, ndipo kumbuyo kwake kumakhala wina kuofesi amene ankawerenga maulendo.

Nyanjazi zilipo zisanu: Superior, Michigan, Huron, Erie ndi Ontario. Superior yokha ndi masikweya kilomita pafupifupi 82,000, moti nyanja ya Malawi ingalowemo kawiri ndi theka malo n'kutsalabe. Munthu angadabwe kuti pamadzi otambalala chonchi sitima zimawombana bwanji. Nkhani yagona pa makosi olumikiza nyanjazo. Sitima yochoka ku Duluth kupita ku Cleveland iyenera kulowa mu Whitefish Bay, kutsika mtsinje wa St. Marys, kenaka wa St. Clair, kenaka wa Detroit. Yopita ku Chicago kapena ku Gary iyenera kudutsa pa mpata wa Mackinac. Ku Sault Ste. Marie madzi amatsika mamita oposa 6, ndipo kuyambira 1855 kuli zipinda za madzi zokhala ndi zitseko kutsogolo ndi kumbuyo, momwe sitima imalowa, madzi n'kuikweza kapena kuitsitsa. Zitatsegulidwa zipindazi, chuma cha kumpoto chinapeza njira: mkuwa ndi chitsulo cha ku Michigan, tirigu wa m'madambo a kumadzulo, ndipo kuyambira 1892 miyala ya chitsulo ya ku Mesabi, m'boma la Minnesota. Pobwerera sitima zinkanyamula malasha. Pofika m'zaka za m'ma 1890, katundu wodutsa pa Sault Ste. Marie ankaposa wodutsa pa ngalande ya Suez.

Chikhalirecho Suez imagwira ntchito chaka chonse, pomwe kuno nyanja zimaundana. Kale sitima zinkayamba kuyenda mu Epulo n'kuima kumayambiriro kwa Disembala, ndipo ngakhale lero zipinda za ku Sault amazitseka kuchokera pakati pa Januwale mpaka kumapeto kwa Malichi. Mafakitale a zitsulo a ku Pittsburgh ndi ku Gary sazimitsa ng'anjo m'nyengo yozizira, choncho miyala ya chaka chathunthu inkayenera kututidwa m'miyezi isanu ndi itatu. Kaputeni ankayezedwa ndi chiwerengero cha maulendo amene wamaliza. Tsoka lake, miyezi imene ntchito imayamba kutentha ndi yomwenso chifunga chimachuluka, pamene mpweya wofunda wa m'chilimwe ukudutsa pamwamba pa madzi ozizira. Kunja kumangoti mbuu, woyendetsa osaona ngakhale kumbuyo kwa sitima yake yomwe. M'chifunga hutala imanamiza makutu: ya kumanja imamveka ngati ya kutsogolo, yapafupi ngati yakutali. Lamulo linkati liwiro lichepe. Koma kaputeni wotsatira lamulolo tsiku lililonse la chifunga ankafika pa doko anzake atapakira kale, ndipo chaka chotsatira sitima ankaipatsa wina.

Malamulo enieniwo ambiri analembedwa maliro atachitika. Usiku wa pa 7 kuchezera pa 8 Seputembala 1860, sitima ya nthunzi ya Lady Elgin inkachoka ku Chicago kubwerera ku Milwaukee itadzaza anthu. Chombo cha matanga chotchedwa Augusta, chonyamula matabwa, chinaigunda m'nthiti mumdima ndi mvula. Kaputeni wa Augusta, poganiza kuti chombo chake chaching'onocho ndicho chavulala kwambiri, anapitiriza ulendo wa ku Chicago. Lady Elgin inasweka n'kumira, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa, ambiri a iwo ochokera m'dera limodzi la anthu a ku Ireland mu mzinda wa Milwaukee. Kufufuza kutachitika, kunapezeka kuti panalibe lamulo lokakamiza zombo za matanga kukhala ndi nyali zosonyeza mbali imene zalunjika. Lamulo lotero linadza mu 1864: nyali yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja. Augusta anaisintha dzina n'kuitcha Colonel Cook, poopa mkwiyo wa anthu.

Nyali sizinathetse zonse. Chaka chotsatira, pa 9 Ogasiti 1865, Pewabic ndi Meteor, sitima za kampani imodzi, zinawombana pa nyanja ya Huron kufupi ndi Alpena, nyanja ili bata. Zimanenedwa kuti zinali ndi chizolowezi chodutsana pafupi kuti aponyerane makalata ndi manyuzipepala. Pewabic inamira ndi anthu makumi angapo pamodzi ndi matani ambiri a mkuwa. Mkuwawo unapitiriza kupha kwa zaka zambiri, chifukwa akatswiri olowa pansi pa madzi, mmodzi pambuyo pa mnzake, ankatsikira mamita 50 kukaufuna ndi zida za nthawiyo, ena osabwererako amoyo.

Ku Whitefish Bay mndandanda wake ndi wautali, ndipo nkhani zake zimafanana moti munthu amatopa nazo. Comet inagundidwa ndi Manitoba mu 1875. John M. Osborn inagundidwa m'chifunga ndi Alberta, sitima yaliwiro ya kampani ya njanji ya Canadian Pacific, mu 1884. Samuel Mather inamira ndi tirigu wake mu 1891, Vienna mu 1892. Sagamore, mu 1901, sinkayenda n'komwe: inali itaponya nangula kudikira kuti kuyere, Northern Queen n'kutulukira m'chifunga kudzaiboola. Mu 1895 boma la America linakhazikitsa malamulo apadera a panyanjazi, kuphatikizapo lakuti m'chifunga sitima izilira katatu mphindi iliyonse. Zinkaliradi, koma zikuthamanga.

Ngozi ya pa 12 Julayi 1909 ndiyo imaonetsa bwino chifukwa chake sitima zonyamula miyala ya chitsulo zinkamira msanga chotero. John B. Cowle inkatsika kuchokera ku Two Harbors italemedwa, ili yobira m'madzi. Isaac M. Scott inali yatsopano, paulendo wake woyamba, yopanda katundu, mphuno ili m'mwamba. Inatulukira m'chifunga n'kuidula Cowle pafupifupi pakati. Sitima za panyanjazi zinkamangidwa mosiyana ndi za panyanja zamchere. Nyumba ya woyendetsa inkakhala kutsogolo kwenikweni, injini kumbuyo kwenikweni, ndipo pakati ponsepo linali dzenje limodzi lalitali la katundu, lopanda makoma otchinga madzi, kuti makina a padoko azitha kupakira ndi kutsitsa mwachangu. Kamangidwe kameneka kankapulumutsa maola ambiri padoko. Koma bowo limodzi m'nthiti linkadzaza dzenje lonse, ndipo miyala ya chitsulo ndi yolemera moti sitima yodzaza imakhala itatsala pang'ono kale kumira. Scott itabwerera m'mbuyo n'kusolola mphuno yake pabowopo, Cowle inamira m'mphindi zitatu. Mwa anthu 24, anafa 14. Chaka chimenecho amalinyero a panyanjazi anali pa sitalaka, ndipo sitima zambiri zinkayenda ndi anyamata osaidziwa bwino ntchito. Oyendetsa sitima zonse ziwiri anawalanda malaisensi kwa kanthawi, wa Scott kwa nthawi yotalikirapo. Scott yomweyo inadzamira ndi anthu ake onse m'namondwe wamkulu wa mu Novembala 1913.

Patapita zaka ziwiri, mu Julayi 1911, William H. Mack itagunda John Mitchell m'chifunga chapafupi pomwepo, kaputeni wa Mack sanabwerere m'mbuyo. Anasiya mphuno ili chitsekere bowolo, anthu n'kuyala makwerero kuchoka pa sitima ina kupita pa inzake, ndipo ambiri anawoloka Mitchell isanagudubuzike. Anafa atatu. Kaputeniyo anamulandabe laisensi chifukwa cha liwiro, koma phunziro la kusasolola mphuno linakhazikika pakati pa amalinyero.

Eni sitima, kunena zoona, chimene chinkawadzidzimutsa kwambiri sichinali maliro. Sitima yomira pakati pa nyanja inshuwalansi imalipira, ina n'kumangidwa. Yomira pakhosi ndiyo inkawasowetsa tulo. Pa 5 Seputembala 1899, Douglass Houghton, sitima yatsopano ya kampani ya John D. Rockefeller, inkatsika mtsinje wa St. Marys ikukoka pachingwe chombo china chopanda injini, John Fritz, zonse zitadzaza miyala ya chitsulo. Pamalo opapatiza otchedwa Sailors' Encampment unyolo wa chiwongolero unaduka. Houghton inapingasa, ndipo Fritz, yopanda njira yoimira, inabwera n'kuiboola mnzake. Houghton inakhala pansi chopingasa, njira yonse gwa. Kwa masiku asanu palibe sitima yaikulu inalowa kapena kutuluka mu nyanja ya Superior. Mazana a sitima anangoti kakasi kumtunda ndi kumunsi, malasha akupsa m'maboyila, amalinyero akulipidwa, madoko akudikira. Njira itatseguka, mzere wa sitima unatalika makilomita makumi angapo.

Pa 9 Juni 1909 chimene chinagundidwa chinali chitseko. Perry G. Walker, poyandikira chipinda cha madzi cha mbali ya Canada ku Sault Ste. Marie, inalephera kuima n'kumenya zitseko za kumunsi pamene za kumtunda zinali zotsegula. Madzi a nyanja ya Superior anangokhuthukira m'ngalandemo. Assiniboia, imene inali m'chipindamo ndi apaulendo, ndi Crescent City, imene inkalowa ndi miyala ya chitsulo, zinakokoloka n'kuponyedwa kumunsi zikugundana. Palibe anafa. Chinapulumutsa ngalande ndi mlatho wachitsulo wozungulira umene anaumanga kale kudikira tsiku lotere: anautembenuza, n'kutsitsa zitsulo zake m'madzi mpaka mkokomo unaleka. Kukonza kunatenga masiku 12.

Poopa kutsekeka kwa njira, ndalama zinapezeka. Mu 1908 anatsegula njira yachiwiri pa St. Marys, yosemedwa m'thanthwe kumadzulo kwa chilumba cha Neebish, kuti zotsika ndi zokwera zisamakumane. Mu 1911 bungwe la eni sitima, Lake Carriers' Association, linajambula njira ziwiri zosiyana pa nyanja ya Superior, ina ya zokwera, ina ya zotsika. Mu 1912 anatsegula ngalande ya zotsika zokhazokha pa mtsinje wa Detroit, yotchedwa Livingstone Channel. (Wina asaganize za mmishonale uja wa ku Blantyre ya ku Scotland. Uyu anali William Livingstone, mtsogoleri wa bungwe la eni sitimalo.) Pamene njira ziwiri sizikanatheka, lamulo linati yotsika ndi madzi ndiyo iyambe kunena mbali yodutsira, popeza sitima yokankhidwa ndi mtsinje siima msanga ngati yolimbana nawo. Zimenezi zinathandizadi, ndipo tisazinyoze. Kupatula njira kunapulumutsa anthu ambiri kuposa chilango chilichonse chimene kaputeni analandirapo.

Malo ena sakanatheka kuwakuza. Pansi pa mlatho wa Blue Water, pakati pa Port Huron ndi Sarnia, madzi onse a nyanja ya Huron amapanikizana kulowa mu mtsinje wa St. Clair. Usiku wa pa 5 Juni 1972, Sidney E. Smith Jr. inkakwera ndi malasha, Parker Evans ikutsika ndi mbewu. Mphamvu ya madzi inagwira mphuno ya Smith n'kuikankhira m'njira ya inzake. Smith inagona cham'mbali n'kumira, anthu ake onse atapulumutsidwa, ambiri ndi kabwato konyamula otsogolera sitima. Kenaka panadza mantha atsopano amene a mu 1899 sankawadziwa: m'mathanki mwake munali mafuta akuda a injini, ndipo kumunsi kwa mtsinjewo kuli matauni omwe amamwa madzi omwewo. Anawapopa mafutawo, koma madzi anakumba mchenga pansi pa sitimayo mpaka inathyoka pawiri, ndipo kuichotsa kunatenga miyezi. Kuchokera pamenepo sitima zazikulu sizidutsananso pamalopo. Imodzi imadikira, ndipo ku Sarnia kuli ofesi imene imalankhula ndi sitima iliyonse pa wailesi.

Ngalande ya Welland, imene imalambalala mathithi a Niagara, ili ndi nkhani zakezake. Pa 25 Ogasiti 1974 Steelton inagunda mlatho wa ku Port Robinson usanamalize kukwera, n'kuugwetsera m'madzi. Ngalande inatsekedwa pafupifupi milungu iwiri. Mlathowo sanaumangenso, ndipo mudzi umene unali umodzi unagawika pawiri, oyenda pansi n'kumawoloka pa kabwato. Pa 11 Ogasiti 2001 zinatembenuka, mlatho ndiwo unagunda sitima. Windoc inkadutsa ku Allanburg ndi tirigu pamene woyendetsa mlatho anayamba kuutsitsa sitima isanamalize kudutsa. Kaputeni ndi mnzake anathawa m'nyumba ya chiwongolero, koma wogwira chiwongolero anangogona pansi chafufumimba, denga n'kumetedwa pamwamba pake, iye n'kutuluka wamoyo. Sitimayo inapsa ndipo sinanyamulenso katundu mwa mphamvu yakeyake. Kampani ya eni ake, N.M. Paterson and Sons, inasiya bizinesi ya sitima chaka chotsatira. Ndipo pa 11 Julayi 2020, masana dzuwa likuswa mtengo, Florence Spirit yonyamula malasha ndi Alanis yonyamula zipangizo za makina opangira magetsi ndi mphepo zinawombana pafupi ndi Port Robinson, anthu akujambula pa mafoni. Sitima yaikulu ikathamanga pafupi ndi gombe la ngalande, madzi apakati pa iyo ndi gombe amakoka kumbuyo kwake n'kukankhira mphuno pakati. Ofufuza a boma la Canada anapeza kuti mphamvu imeneyi, yokulitsidwa ndi liwiro, ndiyo inalanda Florence Spirit chiwongolero.

Ndadumpha dala chaka cha 1965, chifukwa nkhani yake ndi yofunika kuikhalira pansi. Nkhondo yachiwiri itatha sitima zinalandira rada, ndipo wailesi zolankhulirana zinali zitafala kale. Anthu ankati chifunga chagonja. Zoona zake, rada inangopatsa makaputeni chifukwa chatsopano chosachepetsera liwiro, popeza tsopano ankati akuona. Kenaka mu 1959 njira ya St. Lawrence Seaway inatsegulidwa, ndipo sitima za panyanja zamchere zinayamba kufika mpaka ku Chicago ndi ku Duluth, ndi amalinyero a zinenero zina, osazolowera mahutala ndi njira za kuno. Chaka chomwecho mu Juni, Monrovia, ya mbendera ya Liberia, inawombana ndi Royalton m'chifunga pa nyanja ya Huron n'kumira ndi zitsulo zake. Mu 1962 Montrose ya ku Britain inagundidwa ndi chombo cha simenti n'kugona cham'mbali pansi pa mlatho wa Ambassador ku Detroit kwa miyezi, anthu akubwera kudzaonerera.

Rogers City ndi tauni ya anthu osakwana 5,000 m'mphepete mwa nyanja ya Huron. Moyo wake wonse unali pa mgodi wa miyala ya laimu wa U.S. Steel ndi doko lake la Calcite. Mwamuna wa kumeneko ankagwira ntchito kumgodi kapena m'sitima za kampani. Mu Novembala 1958 tauniyi inali italira kale, pamene Carl D. Bradley inathyoka m'namondwe n'kupha anthu 33, mwa iwo 23 a m'tauni momwemo. M'mamawa wa pa 7 Meyi 1965 sitima ina ya kampaniyo, Cedarville, inanyamuka pa Calcite kupita ku Gary ndi anthu 35 ndi matani 14,411 a laimu, katundu wodzaza mathiraki pafupifupi 480 a matani 30. Chifunga chinali chitagwira nyanja. Kaputeni Martin Joppich anayendetsa pa liwiro lonse, pafupifupi makilomita 20 pa ola.

Poyandikira mlatho wa Mackinac, pamene njira zonse zimakumana, analankhulana pa wailesi ndi sitima ya ku Germany yotchedwa Weissenburg, imene inawachenjeza kuti kutsogolo kwake kuli ina ya ku Norway. Imeneyo inali Topdalsfjord. A Joppich anaiitana pa wailesi, koma kunali zii. Analiza hutala imodzi, yankho osamveka. Pa rada kadontho kankayandikirabe. Apa ndi pamene lamulo lija, lomwe linagwira a Sawyer ndi a Nelson zaka 45 m'mbuyomo, linkati imani. Iwo anakhotera kumanja kuti adutse kutsogolo kwake. Cha m'ma 9:45 Topdalsfjord inatulukira m'chifunga, injini zake zikubwerera m'mbuyo koma isanaime, ndipo mphuno yake, yolimbitsidwa kuti izitha kuswa madzi oundana, inang'amba nthiti ya kumanzere ya Cedarville mpaka pansi pa madzi.

Pakuwombanapo palibe anafa. Cedarville inayandama kwa mphindi 40, ndipo mphindi zimenezi ndizo zinadzakhala mlandu. Kaputeni anaponya nangula, n'kulankhula ndi akuluakulu a kampani pa telefoni ya wailesi. Amalinyero anayesa kutsitsa chinsalu chokhuthala kuti chitseke bowolo, koma bowo linali lalikulu kuposa chinsalu. Anapopera madzi m'mathanki a mbali ya kumanja kuti sitima iwongoke. Ena anaima pafupi ndi mabwato atavala majekete oyandamitsa, kudikira mawu oti tsikani. Mawuwo sanabwere. M'malo mwake kaputeni anakweza nangula n'kuyatsa injini kuti akaigoneke sitima pamchenga kufupi ndi Mackinaw City, ndipo njira imene anatenga sinali yaifupi. Nthawi ili 10:25, Cedarville inagudubuzikira kumanja n'kumira, ena ali m'chipinda cha injini, ena ali pansi kumapampu. Madzi a mu Meyi kumeneko amakhala atangosungunuka kumene. Kaputeni Werner May wa Weissenburg anali atawatsatira m'chifungamo, mabwato ake ali okonzeka, ndipo amalinyero ake ankalondola mawu a anthu okuwa m'madzi. Pakanapanda iwo maliro akanachuluka. Anafa anthu 10.

A Joppich anavomera milandu imene asilikali oyang'anira za panyanja, a Coast Guard, anawazenga, ndipo anawalanda laisensi kwa chaka chimodzi. Funso lotsala linali la kampani. Malamulo a ku America pa nkhani ya kulipira anali okomera eni sitima kuyambira kale. Lamulo la 1851 limalola mwini sitima kulipira zosaposa mtengo wa sitimayo ulendo utatha, pamodzi ndi ndalama za katundu wa ulendowo, bola ngati cholakwikacho iye sanachidziwe kapena kutengako mbali. Sitima ili pansi pa nyanja mtengo wake ndi wochepa. Lamulo lotere limaphunzitsa bwana kusafunsa mafunso, chifukwa kudziwa n'kodula. Panalinso mwambo wa makhoti, umene unakhalapo mpaka 1975, wakuti sitima zonse ziwiri zikapezeka ndi cholakwa zigawane zowonongeka pakati ndi pakati, ngakhale ina italakwa pang'ono chabe.

Amasiye ndi opulumuka a Cedarville anafuna zoposa chipukuta misozi wamba. Anapempha khoti kuti lilange U.S. Steel ndi ndalama zina zapadera. Mu 1967 woweruza James Connell wa khoti la ku Cleveland anagwirizana nawo. Anaona kuti kuthamanga m'chifunga sikunali khalidwe la a Joppich okha koma chizolowezi cha sitima za kampaniyo, chimene akuluakulu ankachidziwa, ndiponso kuti akuluakuluwo, atamva za bowo lija, sanalamule kuti anthu atsike kaye. Kampani inachita apilo. Mu 1969 khoti lalikulu la apilo linafafaniza chilangocho, ponena kuti panyanja wolamula ndi kaputeni, ndipo mwini sitima sangalangidwe mwapadera pokhapokha zitaoneka kuti analoleza kapena kuvomereza zimene kaputeniyo anachita. Khoti lalikulu koposa m'dzikolo linakana kuumvanso mlanduwo mu 1970. Mikangano ya kuchuluka kwa chipukuta misozi cha banja lililonse inakokekabe m'makhoti mpaka m'zaka za m'ma 1970, ana amene anasiyidwa ali kupulaimale atafika kusekondale, ndipo sitima zina za kampani yomweyo zikunyamukabe pa Calcite ndi abale awo.